Nkhungu Ziŵiri za ku Mzuzu

Munthu amene anakhalako ku Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi amaidziŵa nkhungu ya m'maŵa, ija imatsika kuchokera ku mapiri a Viphya niphimba Katoto, Chibavi ndi Mchengautuwa, kotero kuti woyenda pansi amamva belu la njinga asanaione njingayo. Nkhungu imeneyi ilibe mlandu, pakuti dzuŵa likakwera imachoka yokha. Koma mumzinda womwewo muli nkhungu ina imene sichoka, ndiyo ija imamera pa nsapato zosavalidwa ndi pa mabuku otsekeredwa m'bokosi. Imeneyi ikugwira ntchito yake mwakachetechete m'masutikesi a pansi pa bedi ndi m'makatoni a anthu amene kale anali ojambula zithunzi, ndipo chimene ikudya ndi manegetivu, timapepala takuda tija timene ana amakonda kuyang'anira dzuŵa. Eni ake ambiri saona chovuta, chifukwa amati zithunzi za masiku ano zili m'foni. Apa m'pamene pali kulakwa kwakukulu.

Mzuzu si mzinda wakale. Unayamba m'chaka cha 1947 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 1985. Tsono kuyambira pa tsiku limene nyumba zoyamba zinamangidwa kufikira zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene makamera a filimu anayamba kutha, chilichonse chimene chinajambulidwa mumzindamo chinajambulidwa pa filimu. Maukwati, maubatizo, magulu a kwaya, matimu a mpira, ana a Folomu 4 ataimirira pambuyo pa aphunzitsi awo, mabasi pa depoti, msika usanakule, zonsezi zinadzera m'chipinda cha mdima zisanafike m'manja mwa eni ake. Zomba ndi Blantyre ali ndi mabuku ambiri olembedwa ndi atsamunda ndi amishoni. Mzuzu alibe ochuluka chotero, ndipo gawo lalikulu la ubwana wake lili pa manegetivu amene palibe akuwasamala.

Kuti munthu amvetse chimene chikutayika, ayenera kuyamba wadziŵa chimene negetivu ili, pakuti achinyamata amene atsiriza sukulu zaka zino sanaonepo chithunzi chikutsukidwa, ndipo ena amadabwa kuti mau akuti kutsuka anabwera bwanji pa nkhani ya zithunzi. Mauwo sanabwere mwangozi. Chithunzi chinkatsukidwadi, m'madzi ndi m'mankhwala.

Filimu ndi lamba wa pulasitiki woonekera, wopakidwa jelatini mbali imodzi. Jelatini ndi ulimbo wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo m'kati mwake mumakhala timibulu tosaoneka ndi maso ta mchere wa siliva. Timibuluti tili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa: kuŵala kukatikhudza timasintha. Wojambula akadina kamera, chitseko chake chimatseguka kwa kanthaŵi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kuŵala nkugwera pa filimu monga momwe kwachokera pa nkhope, pa malaya ndi pa khoma la kumbuyo. Pamenepo chithunzi chalembeka, koma wina atatulutsa filimuyo kuti aone sangapezepo kanthu, ndipo angaiwononge yonse nthaŵi yomweyo. N'chifukwa chake ana ankakalipiridwa kwambiri akatsegula kamera ya bambo awo.

Ntchito yoyamba ya wotsuka inali kutulutsa filimu mumdima wa ndiweyani, wopanda ngakhale nyali yofiira, ndi kuikulunga pa kagudumu ndi zala zokha, naitsekera m'kachitini kosaloŵa kuŵala. Akatero ankathiramo mankhwala oyamba, divelopa, amene amasandutsa timibulu tokhudzidwa ndi kuŵala tija kukhala siliva wakuda. Apa mpamene pankagona luso. Mankhwala ankayenera kukhala pa madigiri 20, ndipo mphindi zinkaŵerengedwa pa wotchi, chifukwa kufulumira kunkatulutsa negetivu yotuŵa ndipo kuchedwa kunkatulutsa yakuda bii yosasindikizika. Mzuzu, pokhala pamtunda wa mamita oposa 1,200, anali malo okoma kwa wotsuka, pakuti madzi ake sakhala kutali ndi muyeso umenewu, pamene mnzake wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay ankalimbana ndi madzi ofunda m'mwezi wa Okutobala. Kenaka ankathira madzi a asidi wofatsa, yemweyo amene ali mu viniga, kuti divelopa aleke kugwira ntchito. Potsiriza ankathira fikisa, mankhwala amene amasungunula mchere wa siliva wotsala, uja sunakhudzidwe ndi kuŵala, kuti filimu ithe kuonedwa poyera osada. Mphamvu ya mankhwala ameneŵa inapezedwa ndi John Herschel wa ku England m'chaka cha 1819, zithunzi zisanayambe n'komwe. Filimu ikatsukidwa m'madzi oyera ndi kuyanikidwa pa chingwe, inkakhala negetivu: malaya oyera akuoneka akuda, nkhope yakuda ikuoneka yoyera.

Ntchito yachiŵiri, yosindikiza, ndiyo imene inkachitika pansi pa nyali yofiira, pakuti pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera silimva kuŵala kofiira. Negetivu inkaikidwa m'makina okulitsira, amene ali ngati kamera yoyang'ana pansi yokhala ndi babu pamutu, ndipo chithunzi chinkagwera pa pepala patebulo. Wotsuka wanzeru sankayamba ndi pepala lathunthu. Ankang'amba kachidutswa, nakaunikira masekondi 2, 4, 8 ndi 16 m'magawo osiyana, kuti aone gawo limene latuluka bwino. Akapeza muyeso, ankaunikira pepala lenileni, naliviika m'beseni loyamba, ndipo pasanathe mphindi ziŵiri nkhope inkayamba kutuluka pa pepala loyera, maso poyamba, kenaka tsitsi ndi mizere ya nsalu. Amene anaonapo zimenezi saiŵala.

Pali chinthu chimodzi chimene wotsuka wa kuno ankayenera kuchidziŵa kuposa mnzake wa ku Ulaya. Taganizirani ukwati: mkwatibwi wa khungu lakuda wavala diresi loyera mbee, waima padzuŵa la masana. Kuunikira pepala mokwanira kuti maluŵa a pa diresi aoneke kunkadetsa nkhope mpaka kutsala mano okha. Kuunikira mokomera nkhope kunkasiya diresi lopanda mzere uliwonse. Wotsuka waluso ankatchinga nkhope ndi chala kapena ndi kapepala komata ku waya, akugwedeza dzanja pang'onopang'ono kuti pasaoneke malire, pamene kuŵala kukupitirira kugwera pa diresi. Zonsezi zinkachitika m'masekondi oŵerengeka, popanda buku, ndipo cholakwa chilichonse chinali pepala lotayika limene linagulidwa ndi ndalama. Anthu otereŵa ankangotchedwa ojambula, ngati kuti ntchito yawo inali kudina batani, koma anali amisiri a kemisitiri ndi fizikisi amene ambiri mwa iwo sanaloŵepo m'labotale ya sukulu.

Tsono negetivu ndiyo mayi wa chithunzi. Pepala lingathe kung'ambika, kunyowa, kapena kubwerekedwa ndi mlamu amene sabweza, koma negetivu ikakhalapo chithunzi chingabadwenso kakhumi kapena ka 100. Nzeru imeneyi ndi ya William Henry Fox Talbot, amene analembetsa njira yake m'chaka cha 1841, ndipo inapambana njira ya Louis Daguerre ya 1839 chifukwa ya Daguerre inkatulutsa chithunzi chimodzi chokha chosabereka. Komanso negetivu imasunga zambiri kuposa kapepala kamene kanaperekedwa kwa mwini wake. Wojambula ankadula m'mbali kuti nkhope ikule, ndipo zimene ankadulazo, chikwangwani cha sitolo, galimoto yodutsa, mitengo imene inali pamalo pamene lero pali nyumba, ndizo zimene wolemba mbiri ya mzinda angazifune koposa nkhopeyo.

Wina angafunse kuti kodi zithunzi za anthu wamba zili ndi ntchito yanji pa mbiri ya dziko. Yankho lili ku Blantyre. Mungo Murray Chisuse, amene anali wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo anakaphunzirako ku Scotland, amadziŵika kuti ndiye Mmalaŵi woyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Pakati pa anthu amene anawajambula panali mbusa wina wa ku Chiradzulu, John Chilembwe, pamodzi ndi banja lake ndi anthu a mishoni yake ku Mbombwe. Pa nthaŵiyo inali ntchito wamba ya wojambula ndi kasitomala wake. Koma m'chaka cha 1915 Chilembwe anaphedwa, manda ake sanadziŵike, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chinagwetsedwa ndi boma la atsamunda. Chimene chinatsala kuti mibadwo ya m'tsogolo ione munthuyo ndi nyumba yake yopemphereramo ndi zithunzi. Dziko likadapanda kukhala nazo, ojambula ndalama za kwacha akadachita kupeka nkhope. Chisuse sankadziŵa kuti ndi chithunzi chiti chimene chidzafunike, ndipo wojambula wa ku Chibanja kapena ku Zolozolo wa m'ma 1970 sakanadziŵanso. Amene akutaya katoni ya manegetivu lero akuŵeruza mlandu asanamve mboni.

Ku Mali kunachitika zimene zikanachitika kuno. Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake ku Bamako m'chaka cha 1948, najambula anthu wamba a mumzinda: amayi atavala nsalu zawo zabwino, anyamata atagwira wailesi kapena atatsamira njinga yamoto. Chimene anachita chosiyana ndi anzake ambiri n'chakuti anasunga manegetivu ake, zikwizikwi, mwadongosolo. M'zaka za m'ma 1990 manegetivuwo anasindikizidwanso, ndipo zithunzi zake zinaonetsedwa ku Paris ndi ku New York. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice m'chaka cha 2007. Palibe akunena kuti m'katoni iliyonse ya ku Mzuzu mwagona Keïta. Chimene chikunenedwa n'chakuti Bamako wa zaka zimenezo akuoneka lero chifukwa amuna aŵiri sanataye zinthu zimene anansi awo ankaziyesa zinyalala.

Otsutsa ali ndi mau awo, ndipo ayenera kumvedwa. Amati filimu inatha, ndipo n'zoona kuti inagonja: kampani ya Kodak, imene inayamba kugulitsa kamera ya munthu wamba m'chaka cha 1888, inakadzinenera ku khoti kuti yalephera kubweza ngongole m'chaka cha 2012, itagonjetsedwa ndi kamera ya digito imene injiniya wake yemwe, Steven Sasson, anapanga m'chaka cha 1975. Amatinso foni yapatsa mwaŵi wojambula kwa mayi wogulitsa nthochi amene kale ankajambulidwa kamodzi pa zaka zisanu. Ichinso n'choona, ndipo n'chinthu chabwino. Palibe munthu wanzeru amene angauze wojambula wa lero kuti abwerere ku beseni ndi nyali yofiira kuti apeze chakudya cha ana ake. Ngakhale kale lomwe, mafilimu a zithunzi za mitundu atafala, ojambula ambiri anasiya kutsuka okha, pakuti mankhwala ake amafuna kutentha kwa madigiri 38 kosasinthasintha, nayamba kupereka filimu kwa eni makina. Chipinda cha mdima chinayamba kufa foni isanabadwe.

Koma kunena kuti zithunzi zili m'foni n'kunena kuti zili pa chinthu chimene chimabedwa pa depoti, chimagwera m'madzi, ndipo chimagulitsidwa mwini wake akasoŵa ndalama ya lendi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimachepetsedwa m'njira, ndipo chikadutsa m'mafoni angapo sichikulitsika. Umboni wake umaoneka pa maliro. Munthu amene anajambulidwa kambirimbiri akamwalira, abale amayamba kuimbirana mafoni usiku kufuna chithunzi chimodzi chooneka bwino choti chikhale patsogolo pa bokosi, ndipo kaŵirikaŵiri amathera pa kankhope ka pa chiphaso cha unzika. Pamene agogo amene anajambulidwa katatu kokha moyo wawo wonse ali pakhoma, m'felemu, akuoneka bwino lomwe patapita zaka 50. Negetivu yakuda ndi yoyera yotsukidwa bwino ndi kusungidwa pouma imakhala zaka zoposa 100, ndipo kuti munthu aione safuna batire kapena nambala yachinsinsi, koma zenera lokha.

Mau akuti pouma ndiwo vuto la Mzuzu. Jelatini ndi chakudya, ndipo nkhungu imaidya monga imadyera chikopa. Imayamba ngati timizu toyera m'mbali mwa filimu, ndipo pamene yadutsa chithunzi chimachoka osabwereranso. Pulasitiki ya mafilimu ambiri akale nayonso imaola ikakhala pachinyezi ndi pofunda: imayamba kununkha viniga, nikwinyika, ndipo fungolo limafulumizitsa kuola kwa mafilimu oyandikana nawo. Onjezani apo mvula ya mzindawu, imene m'mwezi wa Epulo 2016 inagwetsa nyumba ndi kumiza katundu m'madera otsika, ndipo muona kuti chaka chilichonse chodikira chili ndi mtengo wake. Anthu a ku Mzuzu safunika kuuzidwa kuti chuma cha mapepala chimatha usiku umodzi. Anaona laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ikupsa m'mwezi wa Disembala 2015. Mabuku ambiri amene anapsa anali ndi anzawo kwina, ndipo abwenzi anatumiza ena. Negetivu ilibe inzake.

Choyenera kuchitika si chachikulu monga anthu angaganizire. Mumzindamu muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, muli yunivesite imene imaphunzitsa za mbiri ndiponso za kasungidwe ka mabuku ndi zolembedwa, ndipo dziko lili ndi National Archives ku Zomba. Mabungwe ameneŵa akanatha kulengeza, kudzera m'mipingo ndi pa wailesi, kuti aliyense amene ali ndi manegetivu a situdiyo yakale abwere nawo. Asalandidwe, pakuti ndi chuma cha banja, ndipo banja limene lingamve fungo la kulandidwa lidzabisa katoniyo mpaka itaola. Akopedwe ndi makina, mwini wake apatsidwe makope, dzina la wojambula lilembedwe pa chithunzi chilichonse, ndipo chithunzi cha munthu amene ali moyo chisaonetsedwe pagulu iye asanavomere. Koposa zonse, ntchitoyi ichitike akadalipo anthu otha kuloza ndi chala kuti uyu anali mphunzitsi wa pa sukulu yakutiyakuti, apa ndi pamene panali chigayo. Chithunzi chopanda dzina, malo ndi chaka chili ngati kalata yopanda adiresi. Iyi ndi ntchito imene wachinyamata amene walemba mayeso a MSCE ndipo akudikira zotsatira angaiyambe kwawo maŵa, ndi pensulo, kope ndi agogo ake.

Wachinyamata ameneyo adziŵe zinthu zingapo. Negetivu imagwiridwa m'mbali, osati pakati. Iikidwe m'envulopu ya pepala, ndipo zolemba zikhale pa envulopuyo. Mphira womangira achotsedwe. Zonunkha viniga zipatulidwe ku zinzake. Bokosi lisakhale pansi pa simenti kapena kudenga pafupi ndi malata. Ndipo negetivu imene yagwidwa kale ndi nkhungu isatsukidwe m'madzi, ngakhale mtima ufune chotani, chifukwa jelatini yodyedwa ndi nkhungu imasungunuka, ndipo chithunzi chimapita ndi madziwo. Yotereyi ingoumitsidwa pamthunzi, niikidwa pa galasi lokhala ndi kuŵala kumbuyo, nijambulidwa ndi foni. Apa foni ija ikhala yagwira ntchito yoyenera.

Kwa aphunzitsi kuli nkhani ina. M'makalasi a sayansi ana amaloŵeza kuti mchere wa siliva umada ukakhala padzuŵa, kuti asidi amathetsa mphamvu ya alikali, kuti kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa mankhwala, ndiponso kuti kuŵala kumayenda mowongoka ndipo kukadzera pa kabowo kamatembenuza chithunzi chadodolido. Amalemba zimenezi pa mayeso, nakhoza, naiŵala. Komatu maphunziro anayi onseŵa amakumana m'chipinda chimodzi cha mdima, pa tebulo limodzi, m'mphindi 10. Sipafunika kamera yogula. Chitini cha mkaka chopakidwa utoto wakuda m'kati, chobooledwa ndi singano, chokhala ndi kachidutswa ka pepala la zithunzi, chimajambula bwalo la sukulu. Sitolo ya mabuku yopanda zenera, mabeseni atatu ndi babu lofiira loyesedwa bwino zikwanira. Pepala ndi mankhwala akupangidwabe, ndi kampani ya Ilford ku England pakati pa ena, ngakhale kuti kuti afike ku Mzuzu ayenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zimene sukulu zambiri zilibe. Ichi n'chopinga chenicheni. Koma bokosi limodzi la mapepala 100, lodulidwa panayi, lipatsa ana 400 chithunzi chimodzi aliyense, ndipo sukulu zoyandikana zingathe kusonkherana chipinda chimodzi. Ngakhale divelopa angapangidwe ndi khofi, soda wochapira ndi vitamini C, ndipo kutsuka zithunzi ndi khofi kunayesedwa pa sukulu ya ukachenjede ya ku Rochester m'dziko la America m'chaka cha 1995. Alimi a khofi wa Mzuzu asakondwe msanga, pakuti ozoloŵera njirayi amati khofi wotchipa wa m'chitini ndiye amagwira bwino kuposa wabwino. Fikisa yekha ndiye alibe choloŵa m'malo mwake, ndipo akatha ntchito asatayidwe mumtsinje wa Lunyangwa, chifukwa amakhala atanyamula siliva amene amapha zamoyo za m'madzi.

Wophunzitsa m'chipinda chimenecho asakhale mphunzitsi wa sayansi yekha. Mphunzitsi amadziŵa chifukwa chake pepala limada, koma sadziŵa kutchinga nkhope ya mkwatibwi ndi chala. Amene amadziŵa akadalipo, ena akugulitsa m'magolosale, ena anabwerera ku Mzimba ndi ku Rumphi kukalima, ndipo ambiri apitirira zaka 60. Mkulu wa sukulu amene angatume ana aŵiri kukafunsa pa msika kuti ankatsuka zithunzi kuno ndani sadzadikira sabata asanapatsidwe dzina, ndipo mwina mkulu ameneyo adzabwera ndi katoni yake pa njinga.